Orval Beasley ndi Chitsime Nambala 2

Orval Beasley ali ndi zaka 71, ndipo kwa zaka 44 anali woyang'anira zitsime za mafuta kuzungulira Marlow Gap, kuno kumpoto kwa Texas. Sanakhalepo ndi chitsime chakechake. Ankasamala za eni ake.

Ntchito yake sinali yokumba. Okumba amabwera ndi phokoso, amakhala miyezi iwiri, amasiya matope ndi mabotolo, n'kumapita. Woyang'anira ndi amene amatsala. M'mawa uliwonse amayendera mijigo ija imagwedeza mitu m'minda, kuthira girizi, kumanga malamba, kukwera pathanki n'kutsitsamo tepi kuti aone pamene mafuta afika. Thanki ikadzaza amaimbira lole yodzatenga. Ntchito yonse ndi imeneyo. Panthawi ina Orval ankayendera zitsime 26. Zina zinauma, zina zinagulidwa ndi makampani amene safuna nkhalamba yoyenda ndi tepi. Pofika chaka chimene petulo anakwera kwambiri, anali atatsala ndi chimodzi.

Chitsimecho chinali Ledford Nambala 2. Kuno chitsime chimatenga dzina la mwini munda, ngakhale chisakhale chake. Munda unali wa Hoyt Ledford, woweta ng'ombe, amene ankakhala benchi imodzi ndi Orval kusukulu. Chitsime chinali cha Mayi Lorene Pruitt, amasiye a zaka 83. Amuna awo anasainirana pangano ndi bambo ake a Hoyt kalekale, kuti azipopa mafuta m'mundamo, mwini munda n'kumalandirako kagawo. Masiku amenewo kagawoko kanali kongogulira ng'ombe mchere.

Nambala 2 chinkatulutsa migolo inayi ya mafuta patsiku, ndi migolo makumi atatu ya madzi amchere ofunika kukataya. Chinali chokalamba ndi chovuta. Chikaima masiku atatu, mchenga unkatsika n'kugwira pampu pansi. Orval ankachidziwa ndi dzanja. Ankagwira chitsulo chokwera ndi kutsika chija, n'kudziwa ngati pansipo pali mafuta, mpweya kapena vuto. Mkazi wake Verna ankati mwamunayo sanamugwirepo pamphumi kuti amve ngati watentha thupi, koma chitsulo chija amachigwira tsiku ndi tsiku, ndi Lamulungu lomwe.

Akachoka kuchitsime ankapita kwa Consuelo. Malo odyera a Consuelo ali ndi tebulo la pakona limene mlendo sakhalapo. Pamenepo madala asanu ndi mmodzi amamwa khofi kuyambira 8 koloko, uku akukonza dziko. Chaka chimenecho petulo anafika madola asanu pagaloni, ndipo patebulopo panalibe nkhani ina.

"Taonani pawindopo," Hoyt anatero, akuloza ndi foloko. "Mjigo uwo. Wina uwo. Takhala pamwamba pa mafuta ngati nkhuku pamazira, koma tikugula petulo ngati mankhwala a m'maso. Boma litsegule malo, anthu akumbe. Mafuta akachuluka mtengo utsika. Ndi mwana wa mkaka yemwe akudziwa zimenezi."

"Mwana wa mkakayo ndinu, agogo," Consuelo anayankha akuthira khofi. "Chaka chatha nthaka inagwedezeka, mbale zanga zinagwa pashelefu. Madzi a kwa mchemwali wanga akununkha dzira lowola. Ndiye akakumba mukuyesa mafutawo adzakuthirirani inu? Akwera sitima kupita kwa amene walipira bwino."

"Iwe thira khofi, ndale utisiyire ife."

"Khofi wake uti? Mwagula kapu imodzi m'mawa, ndawonjezera kanayi. Mukanakhala chitsime ndikanakutsekani kale."

Madala anaseka mpaka wina anatsamwa. Hoyt anatembenukira kwa mnzake.

"Orval, wamafuta ndiwe pano. Tawauza."

"Akumbe," Orval anatero.

Ndi mawu okhawo amene ananena pa mtsutso wonse, ndipo anakwana. Sabata yotsatira Hoyt anabwera ndi mapepala omata pagalimoto, olembedwa kuti MAFUTA NGATHU, KUMBANI. Orval anatenga limodzi n'kumata kumbuyo kwa pikapu yake. Anali ndi chifukwa. Pikapuyo inkayenda mamailosi makumi anayi tsiku lililonse, ndipo petulo ankathira ndi ndalama za m'thumba mwake.

Orval ankadziwa chimene aliyense wa kuno amadziwa koma sachinena patebulo: mtengo wa petulo ndi mtengo wa mgolo wa mafuta zimayenda njira imodzi. Chaka chimene iye ankatukwana pothira petulo ndi chimene Mayi Pruitt anagulira mjigo malamba atsopano n'kuupaka penti. M'mawa ali kumunda ankafuna mafuta odula. Masana ali pothirira ankafuna petulo wotchipa. Kuno munthu amatha kufuna zonse ziwiri tsiku limodzi, mutu osamupweteka.

Anakumbadi. Kumadzulo uko zitsime zatsopano zinamera ngati bowa. Kaya ndi zimenezo zinatsitsa mtengo, kaya ndi zina za kumayiko akutali, madala akukanganabe mpaka lero. Chimene chilipo n'chakuti patatha chaka ndi theka petulo anatsika, ndipo patebulo panali chikondwerero ngati iwowo ndi amene anamutsitsa ndi manja.

Mwezi womwewo Mayi Pruitt anamuitanitsa Orval kunyumba kwawo. Anamukhazika m'khitchini, n'kumupatsa tiyi wozizira.

"A Orval, mwaona pepala la lole yapitayi?"

"Ndaona, mayi."

"Magetsi a mjigo, kutaya madzi amchere, ndi inuyo. Zikachoka zimenezo ine nditsala ndi chiyani?"

"Mutsala ndi chitsime."

"Chitsime sindidya. Lole yotsatira ikagulitsa pamtengo umenewu, ndiitana anthu a simenti adzatseke. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani." Anasuzumira pawindo. "Maso anga afa, koma kapepala kali pagalimoto lanuko ndikukaona. Kandiseketsa."

Orval anamwa tiyi wake n'kutsazika. Panjira sanaganize za kapepalako. Anaganiza za mawu awiri okha: lole yotsatira. Mayi aja anati atseka lole yotsatira ikagulitsa moipa. Sananene chimene adzachite lole yotsatira ikapanda kubwera. Ndipo woimbira lole anali iye.

Pa Nambala 2 panali matanki awiri, iliyonse ya migolo mazana awiri. Imodzi ndi imene inkagwira ntchito, ndipo lole inkabwera kudzaikhuthula pakatha milungu isanu ndi umodzi. Inayo inali itakhala zaka khumi ndi zisanu yopanda kanthu, yobowoka m'munsi, mavu atamangamo. Orval anawerenga pa zala. Matanki onse awiri akanasunga mafuta a masiku zana. Mtengo sungagone masiku zana, anadziuza choncho. Mjigo uziyenda, mchenga usatsike, mafuta azikhala m'thanki. Mtengo ukadzuka, agulitsa onse pamodzi. Mwayi wina unali wakuti Mayi Pruitt ankapita kwa mwana wawo ku Abilene kukachitidwa opaleshoni ya maso, ndipo akakhalako miyezi.

Hoyt anamupeza akutsuka thanki yakaleyo, nkhope itatupa mbali imodzi ndi mavu.

"Ukufukula maliro, nkhalamba iwe?"

"Ndikufuna malo."

"Lole yatani?"

"Lole ili bwino. Mtengo ndi umene ukudwala."

Hoyt anayang'ana thanki, anayang'ana kugeti, n'kukanda chibwano.

"Makina anga owotcherera ali m'shedi. Katenge. Usafulumire kubweza."

Orval anawotcherera bowo lija masiku awiri. Thanki yoyamba itadzaza, anatsegula paipi yopita ku yachiwiri, n'kuimirira pansi ola lathunthu kuyang'ana ngati ikudontha. Sinadonthe. Ntchito ya manja ake sinamuchititsepo manyazi.

Kuyambira pamenepo anayamba kukonda nkhani zoipa. Munthu amene sankatsegula wailesi tsopano ankaitsegula asanavale nsapato. Akamva kuti kunyanja kukubwera namondwe wolunjika kumene amayenga mafuta, ankadya bwino tsiku limenelo. Namondweyo akakhota n'kupita kwina, ankakankha mbale. Akamva kuti mayiko ena awiri akulozana zala, ankawonjezera mawu a wailesi. Kutchalitchi abusa akapempherera mtendere padziko lonse, ameni wa Orval ankamveka motsika. Verna anazindikira.

"Wayamba liti kufunira anthu nkhondo?"

"Sindikufuna nkhondo. Angoopsezana pang'ono."

"Milungu ingati?"

"Isanu ikwana."

Patebulo Orval ankangomwa khofi wake. Ena ankasimba za maulendo amene ayenda petulo atatsika, wina anakaona zidzukulu ku Oklahoma, wina anatulutsanso bwato lake. Consuelo sanamusiye.

"A Orval, si inu munati akumbe? Akumba, petulo watsika. Nanga nkhopeyo bwanji ngati mwaluma ndimu?"

"Mano."

"Mano ake ati? Aja mumasiya m'kapu?"

Amene ankamumvera chisoni anali Hoyt yekha. Ankamusunthira mpando, nthawi zina kumugulira chitumbuwa cha maapozi, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Yafika pati, bwanawe?"

"Yachiwiri ili pakati."

"Limba mtima. Usataye mafuta ngati madzi. Ine ndikumva kuti mwezi wamawa ukwera."

Mayi Pruitt anaimba kawiri kuchokera ku Abilene. Ulendo uliwonse funso linali limodzi.

"Lole yabwera?"

"Sinabwere, mayi. Malo akadalipo m'thanki."

Zinali zoona. Orval sanama. Amangoyankha chimene wafunsidwa.

M'mawa uliwonse ankakwera makwerero, kutsitsa tepi, kuikoka, n'kuona pamene yadera. Mzere wakuda unkakwera pang'onopang'ono. Pa tsiku la 80 chichokereni lole yomaliza anayamba kuzimitsa mjigo maola awiri masana kuti atalikitse masiku, dzanja lili pachitsulo poyatsanso, akumvetsera mchenga. Pa tsiku la 90 thanki yachiwiri inatsala mkono umodzi kuti isefukire. Ndipo m'sabata imeneyo mtengo unayambadi kukwera. Unakwera Lolemba, unakwera Lachitatu, unakweranso Lachisanu. Orval anadikira mpaka tsiku la 97, pamene tepi inkangoviika nsonga. Ndiye anaimbira lole.

M'mawa mwake anatsogola, lole ikubwera m'mbuyo. Pageti la munda anapeza loko yatsopano, ndi envulopu ili m'pepala la pulasitiki, yomangidwa ndi waya. Mkati mwa geti munali pikapu ya Hoyt, mwini wake atatsamira chitseko, chipewa chili m'manja.

Orval anatsegula envulopu. Inali kalata ya loya, yopita kwa Mayi Pruitt. Anaiwerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba anaona ngati magalasi ali ndi girizi. Inkati pangano la chitsime limanena kuti pakadutsa masiku 90 mafuta a m'mundamo osagulitsidwa, panganolo latha, ndipo zapansi zonse zibwerera kwa mwini munda. Masikuwo anakwana sabata yatha.

"Ndani analemba zimenezi?"

"Bambo anga ndi malemu Pruitt. Tsamba lachitatu. Zaka zonsezi sunaliwerengepo?"

"Ine ndimawerenga tepi."

"Ndiye vuto lake limenelo."

"Unkawerenga masiku, Hoyt."

"Geti ndi langa. Lole ikalowa ndimaimva, ikapanda kulowa ndimamvanso."

"Unandibwereka makina."

"Eya. Ndipo unawotcherera bwino, ndinakaona."

"Unati ndisagulitse."

"Ndinati mtengo ukwera. Sunakwere?"

Orval anapinda kalata. Woyendetsa lole anazimitsa injini, n'kutsitsa galasi kuti amve bwino.

"Tamvera, mzanga," Hoyt anapitiriza. "Pali kampani yaikulu imene yakhala ikubwera kwa ine zaka ziwiri. Akufuna kukumba chitsime chakuya, chokhota pansi n'kuyenda mamailosi awiri. Sakanakumba pangano lakale lili moyo. Nambala 2 yakoyo ndi migolo yake inayi inali itagona pakhomo ngati galu wokalamba, munthu osalowa. Sindikanaipha ine. Ndinalibe njira. Ndinangokuona ukutsuka thanki."

"Ukanandiuza."

"Ndikanakuuza ukanaimbira lole tsiku lomwelo. Bondo langa likufunika opaleshoni, Orval. Denga la khola likugwa. Ndipo unanena wekha patebulo, anthu onse akumva. Unati akumbe. Ndiye akumba."

Orval anayang'ana kumatanki. Anangofunsa za mafuta ali m'matanki.

"Amenewo ndi a Mayi Pruitt. Sindine wakuba." Hoyt anatulutsa kiyi n'kutsegula loko. "Lowetsani lole. Mukatha mundibweretsere makina anga."

Lole inabwera katatu kuti matanki onse aphwe.

Mayi Pruitt atabwerako ku Abilene, Orval anapita yekha asanaitanidwe. Anawapeza akuwerenga kalata ya loya popanda magalasi. Maso atsopano ankagwira ntchito.

"Khalani, a Orval. Ndiye kuti munasunga mafuta anga miyezi itatu."

"Inde, mayi."

"N'kuwagulitsa bwino kuposa mmene ndikanagulitsira ine."

"Madola asanu ndi awiri pamwamba, pamgolo uliwonse."

"Ndaona. Pamtengo umenewu sindikanatseka."

Orval anayang'ana chipewa chake.

"Loya wanga akuti tikhoza kulimbana, zaka ziwiri kapena zitatu kukhoti. Ndamufunsa ngati akudziwa zaka zanga. Musadzipweteke mutu. Tsamba lachitatulo nanenso ndinaliiwala. Amene ankalikumbukira ali kumanda, kupatula Hoyt." Anapinda kalata. "Koma mukanangondiuza zoona zonse, osati theka, mwina mwana wanga akanakatulutsa pepalalo m'kabati. Amakonda kuwerenga timalemba ting'onoting'ono."

"Ndinkaopa kuti mutseka."

"Ndiye mwatseka ndinu. Mwandipulumutsa ku tchimo."

Anthu a simenti anabwera m'mwezi wa Okutobala. Mjigo anauzimitsa ndi Orval, chifukwa sanafune kuti dzanja lina ligwire switchi. Mapepala a chitsime anali atasowa kalekale, ndiye akuluakulu a simentiwo ankafunsa iye: kuya kwake, pamene pali madzi akumwa, pamene paipi inapindika chaka cha madzi osefukira. Anayankha zonse pamtima, ndipo zonse zinapezeka zoona. Mkulu wawo anati sanaonepo chitsime chaching'ono chosamalidwa chonchi. Anathira simenti masiku awiri, anadula paipi m'munsi mwa nthaka, anawotcherera chitsulo pamwamba n'kukwirira. Mvula itagwa pamalopo panamera udzu.

Chitsime chatsopano anachikumba kumpoto kwa munda. Pa tsiku limodzi chimatulutsa mafuta amene Nambala 2 chinkatulutsa pa theka la chaka. Chilibe woyang'anira. Chikatsokomola, foni imalira m'thumba mwa munthu wina kutali, mumzinda wa Midland. Orval anapitako kamodzi, anaima kunja kwa mpanda, anaona kuti palibe pogwira, n'kubwerera.

Kwa Consuelo amapitabe, ndipo Hoyt amapitanso, chifukwa mu Marlow Gap malo omwera khofi ndi amodzi. Anakhala miyezi inayi osalankhulana, shuga akupatsirana kudzera mwa munthu wachitatu. Tsiku lina Hoyt analowa akuyenda mowongoka ndi bondo latsopano, Orval anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bondo limenelo ndi langa."

"Ukalifuna udzabwereke. Usafulumire kubweza."

Consuelo anati akamenyana akamenyanire panja, ndipo aliyense atenge ndodo yake. Mtsutso wa kukumba ukadalipo patebulopo, umadzuka nthawi iliyonse imene manambala a pothirira asintha. Akamufunsa Orval maganizo ake, amapempha khofi wina.

Petulo tsopano ali pa madola atatu pagaloni. Orval amathira kamodzi pamwezi.